Majini amene adokotala ankanena

Malume anga amalima kachewere ku Bembeke, ndiye atayamba kudandaula msana tonse tinangoti ndi matumba. Munthu wosenza matumba chiyambire unyamata wake, msana ungaleke bwanji kuwawa? Koma magazi anayamba kuchepa, thupi kulefuka, mpaka tsiku lina nthiti inathyoka atangotsokomola. Ku Lilongwe anawapopa mafuta a m'fupa la m'chiuno, n'kutiuza kuti ndi khansa yotchedwa multiple myeloma.

Adokotala atati vuto lagona m'majini, mayi anagwira pakamwa. "Achimwene, paja ndinanena kuti izi n'za anthu!" Iwo anamva majini a mizimu aja. Ndinaseka, ngakhale sanali malo osekerapo.

Majini a adokotala ndi malangizo olembedwa m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, osungidwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu. M'mafuta a m'mafupa muli maselo opanga asilikali olimbana ndi matenda. Selo limodzi likasokonezeka, limaswana mosalekeza, kudya mafupa, kutsekereza malo opangira magazi, n'kutulutsa mapuloteni owononga impso. Pafupifupi theka la odwala, maselo oipawo amakhala ndi makromozomu owonjezera. Ena, chidutswa cha kromozomu nambala 14 chimasinthana malo ndi cha 11, 4 kapena 16. Choopsa kwambiri n'kuthothoka kwa chidutswa cha nambala 17, pamene pali jini ya TP53, mlonda woletsa maselo olakwika kuswana. Mlonda akachoka, matenda amathamanga ndipo amabwerera msanga ngakhale munthu alandire mankhwala. N'chifukwa chake madokotala amafuna kudziwa mtundu wa vutolo poyeza makromozomu m'njira yotchedwa FISH: anthu awiri, dzina la matenda limodzi, koma ulendo wosiyana. Amene ali ndi vuto la 4 ndi 14, mwachitsanzo, mankhwala otchedwa bortezomib amawathandiza ndithu.

Malume zonsezi analibe nazo ntchito. Funso lawo linali limodzi: "Nanga mbumba yangayi, ndaipatsira?" Adokotala anati ayi bambo, kusokonezekaku kumachitika m'maselo a m'mafupa munthu akukula, sikuli m'mbewu yoberekera. Abale a wodwala chiopsezo chimakwerako pang'ono, koma si cholowa ngati munda.

Anapumira m'mwamba, n'kundituma ndiimbire a kumudzi kuti asachedwe kupopera kachewere, mvula yachuluka. Pano akumwa thalidomide ndi dexamethasone, ndipo matumba tawaletsa. Mayi nawo sanagonje kwenikweni; Lamulungu lapitali anabwera ndi anzawo a Mvano kudzapemphera, ati majini ndi majini basi.