Zikomo mayi a nthochi ndi achimwene a kabaza

Malungo anandigwetsa pa depoti ya Zomba ndikuchokera ku Chinamwali, kocheza ndi anthu amene anatuluka kundende. M'chikwama munali makope atatu a kafukufuku wanga wa masters, wofufuza chimene chimabwezera munthu kundende atamasulidwa kale.

Mayi ogulitsa nthochi, munandifunditsa chitenje chanu n'kundimwetsa madzi. Achimwene a kabaza, munandithamangitsira kuchipatala, mawa lake n'kubweretsa chikwama chija mutachikulunga m'jumbo kuopa mvula. Ndalama munakana.

M'makopemo muli mawu a anthu amene anandikhulupirira, ena misozi ili m'maso, pofotokoza za kusalidwa kumudzi, kumanidwa ngakhale ganyu. Sindikanatha kuwafunsanso kachiwiri. Dzulo ndapereka mutu wachinayi wa kafukufukuyu kwa aphunzitsi anga ku Chanco, yunivesite ya ku Zomba, mawu a anthu aja onse alimo. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.