Zomwe ndatola sabata ino pa nkhani ya mpweya wa kaboni

Sabata yonseyi ndakhala ndikuwerenga pepala lomwe Stephen Pacala ndi Robert Socolow a ku yunivesite ya Princeton ku America analemba mu magazini ya Science mu 2004, ndipo kunena zoona landitsegula maso. Ine ndinkangoti kuti mpweya woipawu uchepe ndiye mpaka asayansi atulukire makina ena ake achilendo, koma iwowa akuti ayi, zipangizo zilipo kale, chasowa nkuzichulukitsa basi.

Nthawi imeneyo dziko linkatulutsa kaboni matani pafupifupi 7 biliyoni pachaka, ndipo kungozisiya choncho ikanafika 14 biliyoni pakutha pa zaka 50. Ndiye iwo anatenga 7 biliyoni yowonjezerayo nkuigawa zigawo 7, chigawo chilichonse chizichotsa matani 1 biliyoni pachaka pofika 2054, njira anatchula 15 zoti nkusankhapo. Magalimoto 2 biliyoni aziyenda mtunda wowirikiza kawiri pa mafuta omwewo, chigawo chimodzi chatheka. Kusiya kugwetsa nkhalango nkubzala zina, ulimi wa mtayakhasu kuti kaboni azikhala m'nthaka momwemo, gasi m'malo mwa malasha, magetsi a mphepo, a nyukiliya, zonsezi zinthu zoti anthu ankazichita kale.

Pena panandisokoneza, malipoti a masiku ano amati matani 37 biliyoni ndiye ndimadabwa kuti zakwera bwanji chonchi, kenako ndinazindikira kuti awa amawerenga mpweya wonse wa CO2 (kaboni pamodzi ndi okosijeni wake) pomwe pepalali limawerenga kaboni yekha. Tani imodzi ya kaboni ndi matani 3.67 a CO2, ndiye mukamawerenga samalani pamenepo.

Za sola ndi zomwe zandikhudza kwambiri. Iwo anati chigawo chimodzi chikufunika magigawati 2000 (gigawati ndi muyezo wa mphamvu ya magetsi), kuchulukitsa ka 700 sola yomwe inalipo panthawiyo, ndipo zinkamveka ngati maloto, koma mtengo wa mapanelo unatsika kwambiri ndipo mu 2024 dziko linafikadi pamenepo, zaka 30 nthawi isanakwane. Komabe kaboni tikutulutsa matani oposa 10 biliyoni pachaka, chifukwa zigawo zinazo tinazigonera, malasha akuyakabe, nkhalango zikugwabe. Socolow mwini wake mu 2011 anati zigawo 7 sizikukwananso, pakufunika 9, ndipo zimenezi zikundipweteka mumtima chifukwa ziwiri zowonjezerazo zabwera ndi kuchedwa kwathu. Mawa ndiyamba kuwerenga za mabatire osungira magetsi a solawa usiku.