Ku Kibeho, kumene Mpingo unavomereza atatu okha

Kuchokera ku Huye, mzinda umene kale unkatchedwa Butare, galimoto yathu inakwera ndi kutsika mapiri a m'boma la Nyaruguru, kumwera kwa dziko la Rwanda, kudutsa minda ya tiyi ndi nthochi, mpaka tinafika ku Kibeho dzuwa litapendeka. Tinali kagulu ka Akatolika pamodzi ndi bambo mfumu mmodzi, ndipo tinayamba taona tchalitchi chaching'ono chimene kale chinali chipinda chogona atsikana a pasukulu ya sekondale. Pasukulupa m'pamene Alphonsine Mumureke ananena pa 28 November 1981 kuti Amayi Maria amuonekera.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti kukayika kunayambira pasukulu pomwepo. Anzake ankamuseka, ndipo mmodzi mwa amene ankamunyoza kwambiri anali Marie Claire Mukangango, yemwe mu 1982 nayenso anayamba kunena kuti akuona Amayi Maria, patapita kanthawi Nathalie Mukamazimpaka atanena zomwezo. Mbiri itawanda, anthu onena kuti akuona masomphenya anachuluka ngati bowa wa m'dzinja, ndipo apa m'pamene Mpingo unayenda pang'onopang'ono. Episkopi wa Butare, Jean-Baptiste Gahamanyi, anakhazikitsa magulu awiri ofufuza mu 1982, lina la madokotala, lina la akatswiri a zaumulungu. Mu 1988 analola kuti anthu azipemphera pamalopo, koma sananene kuti masomphenyawo ndi oona. Chigamulo chinadza pa 29 June 2001, pamene Episkopi Augustin Misago wa dayosizi ya Gikongoro anavomereza atsikana atatu aja basi, n'kusiya ena onse, kuphatikizapo amene ankati Yesu anawaonekera. Marie Claire sanachimve chigamulochi, chifukwa anaphedwa pa chipolowe chopululutsa mtundu cha 1994.

Madzulo titatha kunena korona, mayi wina wa m'gulu lathu anatulutsa kabuku konena za Segatashya, mnyamata wa m'dera lomwelo amene ankati amalankhula ndi Yesu, n'kupempha kuti atiwerengere mauthenga ake. Bambo mfumu anamvetsera kaye, kenaka anayankha modekha kuti, "Mayi, muwerenge panokha ngati mukufuna, koma pa mapemphero a gulu titsate zimene Ambuye Episkopi anavomereza." Mayiwo sanakondwe, ndipo anafunsa ngati zikutanthauza kuti mnyamatayo anali wabodza. Bambo mfumu anati kusavomereza sikunena munthu kuti ndi wonama, koma kuti umboni sunakwane kuti Mpingo uyikepo dzina lake. Anawonjezera kuti ngakhale masomphenya ovomerezeka, monga a ku Lourdes ndi ku Fatima, Mkatolika sakakamizidwa kuwakhulupirira, poti sawonjezera kanthu pa chivumbulutso chimene chinakwanira mwa Khristu.

Ine ndinali mbali ya bambo mfumu, ngakhale mayiwo ndinawamvetsa, pakuti n'zovuta kuima pa phiri limodzi n'kuuzidwa kuti uyu inde, uyu dikirani. Komabe episkopi akanangolandira aliyense wogwa pansi n'kuyamba kulosera, umboni wa atsikana atatu aja ukanamira m'phokoso, ndipo sindikhulupirira kuti bwenzi tikuwononga ndalama zathu kupita kumeneko.

M'mawa mwake, tikutsetsereka ndi zigubu kukatunga madzi pa kasupe wa m'chigwa, nkhani inafika ku Medjugorje, ku Bosnia ndi Herzegovina, kumene masomphenya akuti anayambanso mu 1981. Mayi aja ankati Papa anavomereza kale. Zoona zake n'zakuti mu September 2024 likulu la Mpingo ku Vatican linalola mapemphero ndi maulendo opita kumeneko poona zipatso zauzimu, koma silinagamule kuti Amayi Maria anaonekeradi. Malamulo atsopano a mu May chaka chomwecho amati episkopi sadzalengezanso kuti masomphenya achokeradi kumwamba, ndipo Papa yekha ndiye angalole kuti nkhani yotere iunikidwe mwapadera. Mayiwo anati akafunsanso kwa ansembe a chipani cha Pallottine amene amayang'anira malo a ku Kibeho, ndipo titakwera chitunda anapitadi.