Phukusi lakale la chofunda cha zigamba: liyeseni kaye musanalowetse singano

M'mabelo a kaunjika a pa msika wa Mupedzanhamo ku Mbare mu Harare, ku Zimbabwe kuno, ngakhalenso pa okushoni ya katundu wochokera m'nyumba zakale za ku Avondale ndi ku Highlands, mwa apo ndi apo mumatuluka phukusi la pepala lofwifwa lokhala ndi chithunzi cha bedi loyalidwa chofunda cha maluwa. Mukalitsegula mumapeza nsalu yoyera yaikulu yodindidwa mizere ndi timadontho tabuluu, nsalu zina zamitundu zolembedwa manambala, mwinanso ndi ulusi wake womwe. Ogulitsa ambiri amangoziyesa nsanza. Ena phukusi lotere amachita kulandira kuchokera kwa ana awo a ku UK, atawagulira pa intaneti, pa eBay kapena pa Etsy.

Chimenechi ndicho eni ake amati quilt kit. Quilt ndi chofunda cha magawo atatu: nsalu ya pamwamba ya zigamba, thonje pakati, ndi nsalu ya kunsi, zonse zosokeredwa pamodzi. Maphukusiwa anafala ku America kuyambira m'ma 1920 ndi 1930 mpaka m'ma 1970, ndipo mayina a makampani amene amaoneka kawirikawiri pa pepalapo ndi Bucilla, Paragon ndi Progress. Ndiye kuti nsalu mwagwirayo ili ndi zaka 50, mwina 90 kapena kuposa. Kumaliza chofunda chotere pamanja ndi ntchito ya miyezi, ndipo zimawawa kuzindikira kumapeto kuti nsalu inali yovunda, kapena kuti mizere yabuluu ija sichoka. Zonsezi zimadziwika tsiku limodzi lokha, mukayesa.

Yambani mwaona kuti lanu ndi la mtundu uti. Lilipo la maluwa osokerera pamwamba pa nsalu yoyera, amene amati appliqué. Lilipo la timitanda, lomwe nsalu yake inadindidwa tima X toti mupetepo ndi ulusi wamitundu. Lachitatu ndi la tizigamba todulidwa kale ku fakitale, monga la mapangidwe otchedwa Double Wedding Ring ndi Dresden Plate.

Mtundu uliwonse, musachape ndipo musasite. Ndikudziwa kuti fungo la m'belo limakakamiza munthu kuthamangira ku beseni, koma inki ya mizereyo anaipanga kuti izichoka ndi madzi. Mukachapa, mapu onse a ntchito yanu apita. Simbi ndiye imachita zosiyana: kutentha kumamatiza inkiyo mu ulusi wa nsalu mpaka kalekale. Simbi ya makala, imene timaidalira magetsi akathima, ndiyo yoopsa koposa chifukwa moto wake sulamulirika. Tizigamba todulidwa kale nato tikalowa m'madzi timayoyoka m'mphepete n'kuchepa mosiyanasiyana, osagwirizananso. Fungo lichotseni poyanika nsaluzo pamthunzi popita mphepo masiku awiri kapena atatu. Makwinya asalazeni ndi manja patebulo, muikepo mabuku olemera usiku umodzi.

Tsopano kuyesa inki. M'mphepete mwa nsalu yaikuluyo, kunja kwa maluwa, mumakhala nambala ya phukusi kapena timizere todindidwa ndi inki yomweyo. Dulanipo kachidutswa ka masentimita 5, mukagawe pawiri. Kena kaviikeni m'madzi ozizira a sopo pang'ono kwa mphindi 30, kena kasungeni kouma kuti muzifanizira. Inki ikachoka, zili bwino. Ikakana, yesani madzi ofunda. Ikakanabe, phukusilo musataye, kungoti kasokedwe kasinthe: duwa lililonse lizipitirira mzere wake ndi milimita 1 kuti liuphimbe, timitanda tizipetedwa ndi ulusi wokhuthala bwino, ndipo posokerera magawo atatu aja singano izilowa pa kadontho penipeni. Jik asayandikire. Amadya thonje lakale ndipo amasulutsa maluwa, inki n'kukhalabe pomwepo.

Mphamvu ya nsalu muione popindika, chifukwa pamenepo ndi pamene yakhala yopanikizika zaka zonsezi. Gwirani mbali ziwiri za mzere wopindikawo ndi zala, mukoke pang'ono. Ikamveka kuthetheka kapena ikatseguka, nsaluyo yatha, ndipo palibe msoko umene ungaipulumutse. Iunikeninso padzuwa muone timabowo ta tizilombo. Madontho abulauni ochokera ku pepala kapena ku thabwa la m'kabati nthawi zambiri amachepa mukadzachapa pomaliza. Dzimbiri la mapini akale ndi nkhani ina: limadya nsalu pomwe lagwirapo, ndiye chanzeru n'kusokapo tsamba kapena kaduwa kowonjezera.

Ulusi wa m'phukusi ukokeni ndi manja awiri. Ukaduka msanga, gulani watsopano wa DMC kapena Anchor wa mtundu woyandikira. Apa sipofunika kuumira, poti ulusi ndiwo wotchipa pa zonse.

Kutuluka kwa mtundu ndiko kumawononga zofunda zambiri, makamaka zofiira, zobiriwira kwambiri ndi zabuluu woderako. Nyowetsani kansalu koyera, mukakanikize pakona ya nsalu yamtunduyo, mutsindirepo kapu kwa mphindi 10. Kakasintha mtundu, dziwani kuti duwalo lidzathimbirira pa nsalu yoyera tsiku lochapa. Choyamba jambulani maonekedwe a zidutswa zonse za pa nsalu imeneyo pa katoni, pamodzi ndi manambala ake. Mukatero iviikeni yokha m'madzi otentha ambiri okhala ndi sopo wotsukira mbale, musinthe madziwo mpaka ayere, iume, mujambulenso ndi pensulo. Za mchere ndi viniga zija, zoti zimagwira mtundu wa chitenje, musazidalire. Pa nsalu ya thonje yodayidwa kale ku fakitale sizigwira kanthu. Chimene chimathandiza ndi kutsuka utoto wotsalawo mpaka uthe.

Muwerengenso zidutswa molingana ndi pepala la malangizo. Zikapereweza, funani nsalu ya thonje lokhalokha yopyapyala mofanana ndi yakaleyo. M'mashopu a m'tauni nsalu yambiri ndi yosakaniza ndi poliyesita, ndiye otchani kaulusi kake: thonje limanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, poliyesita imasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Nsalu yatsopanoyo muichape kaye kuti ichepe. Ndipo masamba atsopano musawaunjike kona imodzi. Amwazeni pachofunda ponse, diso lidzaona ngati munachita dala.

Posoka maluwa, mzere wathunthu ndi wodula, mzere wa timadontho ndi wopinda, ndipo pakati pake pamakhala pafupifupi mamilimita 5. Dulani chidutswa chokhacho chimene mukusoka nthawi imeneyo, apo ayi manambala asokonekera. Tsatirani manambalawo mwa ndondomeko yake, chifukwa chokhala pansi chimayamba: mitengo ya maluwa, kenako masamba, duwa pomaliza. Mokhota molowa m'kati chekani timipata ndi nsonga ya sizasi kuti nsalu ipindike osakwinyika. Singano ikhale yopyapyala, nambala 10 kapena 11, ulusi wa masentimita 45 basi kuti usamapotane, wofanana mtundu ndi duwalo osati ndi nsalu yoyera. Mabayidwe atalikirane mamilimita 2 kapena 3. Ntchito imeneyi si yachilendo m'dziko muno. Amayi a ku Weya, dera lina la kumudzi, akhala akusoka appliqué ya nkhani za kumudzi kuyambira mu 1987, atayamba ndi mphunzitsi wa ku Germany, Ilse Noy, ndipo nsalu zawo n'zabwino kuzitembenuza kuseri kuti muone kasokedwe.

Kwa tizigamba todulidwa kale, msoko wake ndi mamilimita 6. Kuphonya milimita 1 pa msoko kumadya mamilimita 2 poti nsalu ndi ziwiri, ndiye pa misoko 20 mwataya masentimita 4. Sokani gawo limodzi kaye, muyeze ndi tepi, kenako mupitirize.

Maphukusi ambiri a bedi la anthu awiri amatuluka pafupifupi masentimita 200 m'lifupi ndi 240 m'litali. Nsalu ya kunsi ndi thonje zipitirire masentimita 10 mbali zonse, kutanthauza 220 ndi 260. Chitenje, chimene anzathu kuno amati zambia, chimakhala bwino kunsi, koma chodulidwa kale cha mamita 2 chimafupika. Gulani chosadula. Ngati m'lifupi mwake ndi masentimita 115, mamita 5.2 akwana, mudule pawiri n'kulumikiza. Chikakhala chopapatiza kuposa apo, pafunika zidutswa zitatu za masentimita 220, pamodzi mamita 6.6. Mphepete yolimba ija ya ku fakitale idulidwe musanalumikize, chifukwa imakoka ikachapidwa. Chitenje chokhuthala kwambiri chimalemetsa singano, choncho osoka pamanja asankhe chofewa, ndipo achiyese mtundu ngati mmene tachitira ndi maluwa.

Yalani nsalu ya kunsi pansi posalala, muimate ndi tepi m'makona, muikepo thonje, kenako ya pamwamba. Gwirizani ndi mapinifolo motalikirana masentimita 10, kuyambira pakati kupita kunja. Pa chofunda cha kukula kumeneku ndi mapinifolo pafupifupi 480. Ngati ntchito idzafika nyengo ya mvula, ndi bwino kugwiriza ndi ulusi woyera wa mabayidwe akuluakulu, chifukwa chinyezi cha Januwale chimachititsa mapini dzimbiri. Thonje lakale losalimbitsidwa limafuna misoko yotalikirana osaposa masentimita 5, kupanda apo limaundana m'kati likachapidwa. La masiku ano limalola kutalikirako, ndipo mlingo wake umalembedwa pa pepala lake. Mpendero: dulani timizere ta masentimita 6 m'lifupi, topinda pawiri. Kuzungulira chofundacho ndi masentimita 880, onjezani 25 a m'makona ndi polumikizira, ndiye pa nsalu ya masentimita 115 m'lifupi pafunika timizere 9, nsalu ya masentimita 60.

Kuchapa kubwere pomaliza penipeni. Madzi ozizira m'bafa, sopo wamadzi pang'ono, kukanikiza ndi manja osati kufinya. Chofunda chonyowa chimalemera moti misoko imaduka mukachikoka, ndiye chinyamulireni pa shiti, anthu awiri. Chiyanikeni chogoneka pa kapinga pakati pa mashiti awiri, pamthunzi. Dzuwa la ku Harare kuno ndi lakuthwa ndipo limasulutsa mitundu yakale msanga. Ogasiti ndi Seputembala, nyengo ya Show ya zaulimi ya pa Exhibition Park, ndiyo yabwino: kwauma, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chapita.

Tifike ku chionetsero cha zofunda zimenezi. Sichifuna zambiri: holo ya tchalitchi ku Highfield kapena ku Mufakose, amayi a Chigwirizano kapena gulu la osoka, ndi tsiku limodzi Loweruka. Chofunda chilichonse chikhale ndi thumba lolowetsamo ndodo kuseri kwake, kumtunda. Dulani nsalu ya masentimita 22 m'lifupi, yofupikirapo masentimita 5 kuposa m'lifupi mwa chofunda, muipinde ikhale ngati paipi ya masentimita 10, musokerere pamanja osaboola mpaka kumaso. Isiyireni kampata kuti ndodo ikalowa isatukumule kutsogolo. Paipi ya chitsulo yodutsamo mawaya a magetsi imagwira bwino ntchito ya ndodo. Mapegi, misomali ndi mapini zimasiya mabala, musalole. Musanapachike, yezani m'lifupi malo atatu, kumtunda, pakati ndi kumunsi, komanso kuchokera kona kufika kona mbali zonse ziwiri. Zikasiyana kuposa masentimita 2, chofundacho chidzalendewera mokhota. Chinyowetseni pang'ono, muchiwongole pansi, chiume chili chomwecho.

Oweruza amayang'ana zinthu zodziwika: mabayidwe ofanana kumaso ndi kuseri, mfundo zobisika m'thonje, makona a mpendero opindika bwino, mpendero wodzaza osati wopanda kanthu m'kati, nsonga za masamba zosongoka, ndi inki yosaoneka. Mabayidwe 3 pa sentimita ndi abwino ndithu, ndipo kufanana kwake n'kofunika kuposa kuchepa kwake.

Okonza chionetsero apatule gulu la zofunda za m'maphukusi. Si chilungamo kupikisanitsa mayi amene anajambula yekha maluwa ake ndi amene anawapeza odinda kale, ngakhale onse anakhetsa thukuta. Ndipo pa fomu palembedwe zoona: dzina la phukusi, amene anayamba ngati munalipeza litayambidwa, amene anamaliza, ndi amene anasokerera magawo atatu ngati munalipira telala. Nkhaniyi ndi yakale. Mu 1933 kampani ya ku America ya Sears inachititsa mpikisano pa chionetsero cha ku Chicago, ndipo mu mpikisanowo munalowa zofunda zoposa 24,000. Mphoto yaikulu inapita kwa Margaret Rogers Caden wa ku Kentucky, koma chofundacho anasoka ndi amayi ena amene iye anawalemba ganyu, ndipo mayina awo sanatchulidwe. Choncho zomwe mwalemba pa fomu muzilembenso pa kansalu ndi cholembera chosafufutika, pamodzi ndi chaka ndi malo, musokerere kuseri pakona ya kumunsi. Tsiku loweruza kansaluko kaphimbidwe.

M'holomo zofunda zitalikirane ndi mawindo, ndipo tiyi ndi mandasi zikhale kunja. Anthu amafuna kugwira, n'chibadwa, ndiye paime munthu mmodzi wovala magolovesi oyera woti azitembenuza kona kuti aone kuseri. Polandira chofunda perekani chiphaso cha nambala, china chimatidwe pa thumba lake, ndipo pobweza pasatuluke chofunda popanda chiphasocho. Kunyumba chisungidwe m'pilokesi ya thonje, osati m'pulasitiki mmene chimachita chuku, chisakhudze thabwa la kabati, ndipo miyezi itatu iliyonse chipindidwe mwina kuti mzere usagwere pamodzimodzi.