Pemphero, mangawa ndi malipiro a tenanti

Mwezi uno pa kalasi yathu ya Baibulo kuno ku Kasungu takhala tikuphunzira za zinthu zomwe zimatchinga pemphero. Abusa anatipatsa mavesi oti tikawerenge kunyumba, aliyense adzafotokoze zomwe watolapo. Ambiri tinkaganiza kuti nkhani ikhala ya mowa, chiwerewere ndi kuyenda kwa asing'anga, poti amenewa ndiwo machimo otchuka pa guwa. Mavesiwo anatilozera kwina.

Awiri oyambawo ndi odziwika. Salimo 66:18 likuti munthu akasekerera zoipa mumtima mwake, Ambuye samumvera. Yesaya 59:1-2 akuti dzanja la Mulungu silinafupike, khutu lake silinagonthe, koma zoipa za anthu ndizo zawalekanitsa naye. Pamenepa aliyense anagwedeza mutu. Phokoso linayamba titabwerera chaputala chimodzi m'mbuyo. Pa Yesaya 58 anthu akudandaula kuti asala kudya koma Mulungu sakuwaona, ndipo yankho lake ndi loti tsiku lomwelo la kusala iwo akupanikiza antchito awo, akukangana mpaka kumenyana nkhonya. Yakobo 5:4 akuti malipiro a anthu okolola m'minda, omwe eni minda awabisa, akufuula, ndipo kulirako kwalowa m'makutu a Ambuye. Malaki 2:13-14 akunena za amuna onyowetsa guwa ndi misozi, koma nsembe yawo yosalandiridwa chifukwa anachitira zachinyengo mkazi wa ubwana wawo. Petro naye, m'kalata yake yoyamba 3:7, akuuza amuna kuti alemekeze akazi awo kuti mapemphero awo angaletsedwe.

Ku Kasungu vesi la Yakobo silifuna womasulira. Tonse timadziwa momwe zimathera pa minda ina ya fodya. Tenanti wayamba ndi nazale, wawokera, wathyola, wasoka, wasankha, mabelo apita ku okushoni ya ku Chinkhoma. Tsiku lowerengera likafika, bwana atulutsa kope: ndowa za chimanga zomwe banjalo linadya, feteleza, mchere, sopo, ya kuchipatala mwana atadwala malungo, zonse pa mtengo womwe bwanayo wadziikira yekha. Pomaliza munthu uja amauzidwa kuti ndiye ali ndi ngongole. Lamulungu lotsatira bwanayo ali kutsogolo, envulopu ya chakhumi ili m'manja. Mkulu wina wa mpingo, mlimi wa fodya nayenso, anangoseka n'kuti, "Abusa, lero mwatiponda pachilonda." Sanatsutse.

Za kukhululuka tinayambira pa Pemphero la Ambuye. Mwa zopempha zonse za m'pempherolo, chomwe Yesu anabwereranso kuchitsindika atangomaliza ndi cha mangawa basi (Mateyu 6:14-15). Pa Marko 11:25 akuti ukaimirira kupemphera, khululukira ngati uli ndi kanthu ndi munthu wina. Koma Mateyu 5:23-24 akutembenuza nkhaniyo: ukafika ndi mphatso pa guwa n'kukumbukira kuti mbale wako ndiye ali ndi kanthu ndi iwe, siya mphatsoyo pomwepo, kayanjane naye kaye. Vesi la Marko likulankhula kwa wolakwiridwa, la Mateyuli kwa wolakwa, ndipo ndaona kuti loyambalo timalilalikira kwambiri kuposa lachiwiri. Abusa anatikumbutsanso kuti Yesu ankanena izi ali ku Galileya, pomwe guwa linali ku Yerusalemu, mtunda wa makilomita opitirira 100. Zili ngati wa ku Kasungu wafika ku Lilongwe wapansi ndi mbuzi yake, ndiye amuuze kuti aimangirire pamenepo, abwerere kwawo akapepese.

Fanizo la kapolo wosakhululuka pa Mateyu 18 ndi lomwe ndinakhala nalo nthawi yaitali, cholembera chili m'manja. Kapoloyo anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu, ndipo mfumuyo inamukhululukira. Talente imodzi inali pafupifupi madinari 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku, monga tikuonera pa Mateyu 20:2. Ukachulukitsa zikukwana madinari 60 miliyoni, ganyu wa zaka pafupifupi 200,000. Kapolo mnzake, yemwe iye anakana kumukhululukira, anali ndi ngongole kwa iye ya madinari 100. Alaliki ambiri amati kanali kandalama kachabechabe, koma ine ndikukana. Masiku 100 a ganyu ndi miyezi itatu ndi kanthu. Munthu atakudyera ndalama yotero ku banki mkhonde, tulo sungatione. Yesu sakunena kuti chomwe anakulakwira mnzako ndi chaching'ono. Akungochiika pambali pa chomwe iwe unakhululukidwa kale. Ndipo m'fanizomo mfumu ndiyo inayamba kukhululuka, kapoloyo asanachite chabwino chilichonse, kotero kukhululukira anzathu si mtengo wogulira khutu la Mulungu.

Funso lovuta linachokera kwa amayi ena amasiye. Anati, "Abusa, amuna anga atamwalira, abale awo anadzatenga njinga, ngolo ndi malata omwe. Ndikawaona mtima umawawabe. Anthu akuti ndisiye mlandu, apo ayi mapemphero anga akungothera padenga. Ndiye nditani ine?" M'chipindamo munangoti zii. Abusa anatsegula Luka 18:1-8, pomwe Yesu, pofuna kuphunzitsa kupemphera kosafooka, anasankha mkazi wamasiye wovutitsa woweruza kuti amuweruzire mlandu wake ndi mdani wake. "Mayi," anatero abusa, "kubwezera ndiko mukusiyire Mulungu, monga Aroma 12:19 akunenera. Koma malatawo ndi a ana anu." Anawonjezera kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu, ndipo anakumbutsa kuti Zakeyu atalapa analonjeza kubweza kanayi zomwe analanda.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi opempherera ena omwe munthu akadwala kapena akasowa mwana amathamangira kumuuza kuti alipo wina yemwe sanamukhululukire. Anzake a Yobu nawonso ankati mavuto ake abwera chifukwa cha tchimo lake, ndipo Mulungu anawakwiyira. Za munthu wobadwa wosaona pa Yohane 9, Yesu anati sanachimwe iye kapena makolo ake. Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi lake, sunachoke. Tchimo limatchingadi pemphero, koma mavesiwa ndi oti munthu adzifufuze nawo yekha. Kuwagwiritsa ntchito poyeza odwala ndi nkhanza, makamaka pomwe wolanda malata uja palibe akumufunsa za mapemphero ake.

Mfundo imodzi sitinagwirizane. Luka 17:3 akuti mbale wako akachimwa umudzudzule, akalapa umukhululukire. Ena anati ndiye kuti wosapepesa sakhululukidwa. Ena anati pa Marko 11:25 palibe zodikira kupepesa. Ine ndikuona kuti pali zinthu ziwiri. Kuleka kumufunira munthu tsoka, kuleka kusangalala ukamva kuti fodya wake wabwezedwa ku okushoni, izi ungachite wekha ngakhale iye asabwere. Koma kubwerera poti muzipatsana moto, ana azidyerana, pamafunika anthu awiri, n'chifukwa chake Aroma 12:18 akuti ngati n'kotheka, monga momwe mungathere inuyo. Agogo ena anati kusiyanitsa koteroko n'kwa anthu a sukulu, kwawo munthu ukamukhululukira umamupatsa moni ndi manja awiri basi. Abusa sanagamule. Anatipatsa Genesis 42 mpaka 45 kuti tikaone chifukwa chomwe Yosefe anayamba wawayesa abale ake asanadziulule, tidzapitirize tikakumananso.