Kudya kwa Agiriki paulendo: zoitanitsa, nthawi yake ndi pamene ndalama zimathawira

Munthu wokulira mu Harare sawaona Agiriki ngati alendo. Sukulu za Hellenic zilipo, tchalitchi chachikulu cha Orthodox cha Holy Trinity chilipo, ndipo ena mwa makolo athu amene anachokera ku Nyasaland anagwirapo ntchito m'mashopu ndi m'makhitchini a Agiriki. Koma saladi ija timaitcha ya Chigiriki m'malo odyera a ku Avondale ndi ku Borrowdale, yodzaza letesi ndi timadulidwe ta tchizi, sikukonzekeretsani mokwanira tsiku limene mudzakhale pa tebulo ku Athens, likulu la dziko la Greece. Vuto lalikulu si kukoma kwa chakudya ayi. Ndi kaitanitsidwe. Ife tinazolowera kuti aliyense aitanitse mbale yake, pamene kumeneko chakudya amaitanitsira tebulo lonse, ndipo wosadziwa zimenezi amalipira zambiri n'kulawa zochepa.

Za ulendo tingodutsapo. Ndege yochoka pa bwalo la Robert Gabriel Mugabe kulunjika ku Athens kulibe, mumasinthira ku Addis Ababa, Doha kapena Dubai. Pasipoti ya Zimbabwe kapena ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo ndalama ya ku Greece ndi euro. Biltong ndi zamkaka zisiyeni kunyumba chifukwa malamulo a European Union salola kulowa nazo. Nyengo ndi yotembenuka: mu July ndi August pamene kuno tikufunda mabulangete awiri, kumeneko dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndiyo nthawi ya tomato wokoma.

Agiriki amadya mochedwa. Chamasana chimayamba cha m'ma 2 koloko mpaka 4 koloko, chamadzulo 9 koloko kupita m'tsogolo. Mukalowa m'malo odyera 6 koloko madzulo n'kupeza mipando yokhayokha, musaganize kuti ndi malo oipa, eni dziko sanayambe kumva njala. Kunena zoona, malo odzaza 6 koloko ndiwo oyenera kukayikira, chifukwa odyawo ndi alendo okhaokha. M'mawa salimbana ndi chakudya cholemera. Pa bekale mugula tiropita, payi ya tchizi, kapena spanakopita, ya sipinachi ndi tchizi, kapenanso koulouri, buledi wozungulira wowazidwa chitowe amene amagulitsidwa ngakhale pamsewu. Ku mzinda wa Thessaloniki musachoke musanadye payi yotchedwa bougatsa, imene amaidula tizidutswa n'kuwaza shuga wosalala ndi sinamoni.

Malo odyera ali m'mitundu, ndipo chikwangwani chimakuuzani zoyenera kuitanitsa. Taverna ndi malo a banja, ophika za masiku onse. Psistaria ndi ya nyama yowotcha pa makala. Psarotaverna ndi ya nsomba. Ouzeri ndi mezedopoleio ndi malo a timbale ting'onoting'ono todyera chakumwa. Pali mtundu wina umene alendo ambiri amaudutsa chifukwa suoneka bwino kunja, wotchedwa mageirio, kumene amaphika m'mawa m'miphika ndi m'mathireyi akuluakulu n'kuika kuseri kwa galasi. Kumeneko simufunika menyu. Mumapita pagalasipo n'kuloza ndi chala, ndipo kuloza sikuchititsa manyazi, eni ake amatero. Pitani masana, chifukwa pofika madzulo zabwino zimakhala zitatha ndipo zotsala zauma m'mbali. Ku Athens malo oterewa mumawapeza m'dera la msika waukulu wa Varvakios pa msewu wa Athinas. Ku Plaka ndi ku Monastiraki, madera a mu Athens momwemo, kuli malo abwino ndithu, koma pamene pali munthu woima pakhomo n'kumakukokani ndi menyu ya zithunzi m'zilankhulo zisanu, pitirirani.

Tiyerekeze muli anthu anayi pa taverna. Yambani ndi saladi imodzi yokha, horiatiki, ya pakati pa tebulo. Muli tomato wodula zikuluzikulu, nkhaka, anyezi, tsabola wobiriwira wosawawa, maolivi, ndipo pamwamba pakhala chibenthu chathunthu cha tchizi cha feta chowazidwa oregano, timasamba tonunkhiritsa chakudya, ndi kuthiridwa mafuta a olivi. Letesi mulibe. Samalani mano, maolivi ake ali ndi nthanga. Feta yeniyeni ndi ya mkaka wa nkhosa, kapena wosakaniza ndi wa mbuzi osapitirira 30 peresenti, ndipo dzinali linatetezedwa ndi lamulo la European Union mu 2002. N'chifukwa chake imanyenyeka ndi kuwawasa mosiyana ndi ya mkaka wa ng'ombe yosalala imene timagula m'masitolo kuno. Madzi a tomato osakanikira ndi mafuta amene amatsala pansi pa mbale ndiwo mtima wa saladiyo. Amasunsa buledi, ndipo woperekera chakudya akafuna kuchotsa mbale madziwo akadalipo, mukanizeni. M'nyengo yozizira tomato amakhala wopanda kukoma, ndiye ndi bwino kuitanitsa saladi ya kabichi ndi karoti.

Onjezani zosunsira ziwiri. Tzatziki ndi yogati yolimba yosakaniza ndi nkhaka ndi adyo. Melitzanosalata ndi mabilinganya owotcha n'kusinja. Fava ndi nsawawa zachikasu zophika mpaka kusungunuka, zotchuka pa chilumba cha Santorini. Taramosalata ndi ya mazira a nsomba, ndipo yoyererako imakhala yabwino kuposa yapinki kwambiri, imene nthawi zambiri amaithira utoto. Kenako mbale imodzi ya horta, masamba owiritsa othira mafuta ndi ndimu. M'miyezi yotentha horta yambiri ndi vlita, amene ndi mtundu wa bonongwe, yemweyu anzathu Achishona amati mowa. Amamuwiritsa m'madzi amchere basi, popanda soda, tomato kapena nsinjiro, ndipo amabwera wofunda kapena wozizira.

Zikatere, ndiwo zikuluzikulu ziwiri zikwanira anthu anayi, zikachuluka zitatu. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: amaitanitsa zoyambira zonsezi kenako aliyense mbale yake yaikulu, theka n'kubwerera kukhitchini. Itanitsani pang'ono, muonjezera pambuyo, palibe amene akuthamangitseni pa tebulo. Dziwaninso kuti mbale sizibwera mwa ndondomeko. Chimene chapsa ndicho chimafika, ndiye musadikire kuti zonse zikwane.

Moussaka, ya mabilinganya, nyama yogaya ndi msuzi woyera wa mkaka pamwamba, imabwera yofunda osati yotentha moto. Si ulesi wa wophika. Ikatuluka mu uvuni imafunika kukhala kanthawi kuti igwirane, ukaidula msanga imangoyenderera. Imene yabwera m'kambale kakekake ikubwadamuka m'mbali koma pakati pali zii, kawirikawiri ndi yochokera mufiriji. Chimodzimodzi gemista, tomato ndi tsabola zodzaza mpunga, komanso ndiwo zamasamba zophikidwa m'mafuta ambiri a olivi monga zitheba, therere lobala ndi nyemba zikuluzikulu za gigantes. Zimenezi zimakoma zikapola pang'ono, ndipo mafuta ooneka pamwambawo ndi msuzi wake, osati kulakwitsa. Kwa wofuna nyama, paidakia, nthiti za nkhosa zowotcha pa makala, amagulitsa pa kilo, ndipo kilo imodzi ikwanira anthu atatu kapena anayi ngati pali zoyambira. Agiriki amawotcha nyama mpaka kupsa ndithu, zimene ambiri a ife timakonda kale. Okonda zam'kati afunse kokoretsi: chiwindi, mapapo ndi mtima za nkhosa zokulungidwa ndi matumbo n'kuwotchedwa pa chitsulo chozungulira.

Nsomba ndiyo imaliritsa anthu pa bilu. Nsomba zikuluzikulu zaziwisi mtengo wake pa menyu ndi wa kilo, osati wa mbale. Mukaona 60 euro, ndipo nsomba imene akusankhirani ikulemera kilo imodzi ndi magalamu 200, mulipira 72 euro pa nsomba yokhayo. Njira yake ndi iyi: pemphani kukaona nsombazo pa ayezi, zimene ndi zololedwa ndiponso zozolowereka. Yang'anani maso ngati ali owala, makha ngati ali ofiira, thupi ngati likubwerera mukadina ndi chala. Sankhani, aiike pa sikelo inu mukuona, akuuzeni mtengo wonse asanaiike pamoto. Magalamu 300 mpaka 400 a nsomba yathunthu akwanira munthu mmodzi. Pa menyu mukaona kanyenyezi kapena zilembo zofupikitsa pafupi ndi dzina la nsomba, kalamari kapena octopus (nyama za m'nyanja za miyendo yambiri), ndiye kuti ndi zoumitsidwa mufiriji, chifukwa lamulo limawakakamiza kulemba. Kalamari wa mufiriji si woipa, bola mtengo wake ukhale wotsikirapo. Koma amene akusamala thumba aitanitse tinsomba ting'onoting'ono, gavros, marides kapena atherina, tokazinga mu ufa. Timagulitsidwa pa mbale, ndi totsika mtengo, ndipo tating'ono kwambiri timadyedwa ndi mutu womwe ngati kapenta.

Kwa abale athu Achisilamu ndi a Seventh Day, nkhani ya nkhumba ndi yofunika kuisamala. Gyros ya ku Greece, nyama yozungulira pa chitsulo choimirira ija, ndi ya nkhumba pokhapokha mutanena kuti mukufuna ya nkhuku. Souvlaki, nyama yowotcha pa kamtengo, nayonso nthawi zambiri ndi ya nkhumba. Nyama yogaya ya keftedes ndi bifteki ena amasakaniza ng'ombe ndi nkhumba, choncho funsani musanaitanitse. Mawu ofunika kuwagwira ndi awiri: hirino ndi nkhumba, kotopoulo ndi nkhuku. Wofuna kupeweratu nyama afunse zakudya za nistisima, zimene Akhristu a Orthodox amadya posala, makamaka masabata a Pasaka asanafike. Mulibe nyama, mkaka kapena mazira, koma mumatha kukhala octopus, kalamari ndi nkhanu za m'nyanja, zimene a Seventh Day sadyanso.

Pa shopu ya souvlaki pali msampha wina waung'ono. Mukati gyros pita, mulandira nyama yokulungidwa mu buledi wopyapyala pamodzi ndi tomato, anyezi, tzatziki ndi tchipisi m'katimo, yodyera m'manja, pa mtengo wa ma euro ochepa. Mukangoti gyros mutakhala pa tebulo, ena amakubweretserani merida, mbale yathunthu, imene mtengo wake ndi wowirikiza kawiri kapena katatu. Mayina amasiyananso ndi mzinda: nyama yapakamtengo ku Athens amati kalamaki, pamene ku Thessaloniki yomweyo ndi souvlaki.

Vinyo wa pa taverna amayezedwa pa kilo, ndipo amabwera m'kajagi kachitsulo. Theka la kilo ndi pafupifupi theka la lita, lokwanira anthu awiri. Yambani ndi kota kuti mulawe, chifukwa wina amakhala wabwino, wina wasanduka viniga. Retsina ali ndi utomoni wa paini, ndipo si aliyense amene amamukonda. Ouzo, mowa wotcheza wonunkhiritsidwa ndi njere za anise, ndi wamphamvu, pafupifupi 40 peresenti. Thirani madzi ozizira poyamba mpaka ayere ngati mkaka, ayezi pambuyo, chifukwa mukayamba ndi ayezi mafuta a anise amaundana n'kuyandama timibulu. Samwedwa kamodzi n'kamodzi kapena pamimba ya njala. Tsipouro, amene ku Crete amati raki, amatchezedwa kuchokera ku zotsalira za mphesa ndipo amaluma kuposa mmene amaonekera m'kabotolo kake.

Khofi wa Chigiriki amaphikidwa ndi shuga yemwe, ndiye mumanena poitanitsa: sketos wopanda shuga, metrios wapakatikati, glykos wotsekemera. Musatakase, ndipo siyani matope a pansiwo. Kukatentha anthu amamwa freddo espresso kapena frappé, khofi wozizira wa thovu amene anayambira ku Thessaloniki mu 1957. Madzi a pampopi ku Athens ndi abwino kumwa, koma pa zilumba zambiri imwani a m'botolo.

Bilu sibwera yokha. Kukubweretserani musanapemphe amakuona ngati kuthamangitsa mlendo, choncho mukhoza kukhala ola lathunthu mukudikira pachabe. Pokopa woperekera chakudya kwezani chala kapena chitani ngati mukulemba m'mwamba. Musatambasule chikhato ndi zala zonse zisanu kuloza kumaso kwa munthu, ngakhale pofuna kunena kuti muli asanu, chifukwa kumeneko n'kutukwana. Nthawi zambiri bilu isanafike amabweretsa chivwende, chotsekemera chotchedwa halva kapena yogati ya uchi. Imeneyo ndi mphatso ya eni malo, simulipira, ndipo kuikana sikuoneka bwino. Buledi amene amabweretsa poyamba ndiye amalipiritsa kandalama kochepa pa munthu aliyense, ndipo ngati simumufuna nenani asanamuike pa tebulo. Lamulo la ku Greece limati wogula sakakamizidwa kulipira ngati sanapatsidwe lisiti yovomerezeka, ndipo chidziwitsochi chimalembedwa pa menyu kapena pakhoma. M'malo ena timalisiti timabwera ndi oda iliyonse n'kuikidwa m'kagalasi pa tebulo. Musatitaye, ndi tomwe amawonkhetsa pamapeto. Khadi ya kubanki imalandiridwa pafupifupi paliponse, koma ya kuno iyeseni musanadalire, ndipo khalani ndi ma euro a m'manja osungira. Tipu si yokakamiza: kukwaniritsa ndalama kuti ikhale yathunthu kapena kusiya 5 mpaka 10 peresenti pa tebulo n'kokwanira.

Pobwerera, mafuta a olivi gulani a m'chitini osati a m'botolo lagalasi, ndipo aikeni m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege mutakulunga m'pulasitiki, chifukwa posinthira ndege zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 za m'chikwama cha m'manja amalanda. Oregano wouma wa m'mitolo ndi wopepuka ndipo amasunga fungo miyezi yambiri. Feta sipirira maola ochuluka a ulendo wosinthasintha ndege kunja kwa firiji, idyereni komweko.