Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Atsikana anga a mpira wamiyendo

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene anandisamutsira kusukulu ina ya pulayimale ku Mulanje, kufupi ndi minda ya tiyi. Lero ndifotokoze za chaka cha 2023.

Pasukulupo bwalo lalikulu linali la anyamata. Atsikana awo anali ntchemberembaye kuseri kwa ofesi, basi. Koma pa buleki ndinkaona atsikana a Sitandade 6 ndi 7 akulimbirana mpira wachikulunga, womanga ndi majumbo, ndipo ena ankaumenya bwino kuposa alongo awo. Ine ndinakula ndikusewera ndi alongo anga, choncho mtima sunandilole kungoonerera. Ndinapempha ahedi kuti bwalo likhale lathu Lachiwiri ndi Lachinayi masana, ndipo anavomera.

Ntchito yaikulu inali kumakomo. Mwana wamkazi akaweruka amadikiridwa ndi chidebe, nkhuni, mbale ndi mwana woti abereke kumbuyo, pamene mlongo wake amangoponya makope pakhonde n'kuthamangira kubwalo. Mayi wina anandifunsa kuti, "Madamu, ndiye mwana wamkazi azikaponya miyendo m'mwamba pagulu? Nanga madzi anditungira ndani?" Sindinawaone ngati olakwa, poti mjigo unali kutali ndithu. Tinagwirizana kuti masewera azitha dzuwa lisanapendeke kwambiri, ndipo anawo azidzera kumjigo onse pamodzi. Amayi a mother group ndi amene anandithandiza kwambiri. Ankandiperekeza kwa makolo ovuta, anasoka mapadi ansalu kuti mwana asajombe akakhala kumwezi, ndipo paulendo uliwonse mmodzi wa iwo ankakwera nafe.

Tisanapite patali, mu Malichi kunabwera namondwe wa Freddy. Sukulu zinatsekedwa, makalasi athu anasanduka malo ogona anthu amene nyumba zawo zinagwa kapena kukokoloka. Atsikana anga ena anali momwemo, akugona pasimenti m'kalasi yawo yomwe. Wina anapita kwa abale ake ku Milange, kutsidya kwa malire a Muloza, ndipo sanabwerenso. Titayambiranso, tinkayamba tatola miyala imene madzi anasiya pabwalo, chifukwa tonse tinkasewera opanda nsapato.

Ambiri anachokera ku ntchemberembaye, ndipo zinkaoneka. Kuthawa mdani n'kupeza malo opanda munthu ankadziwa kale. Koma akalandira mpira ankaima nji, monga lamulo la masewera awo akale limafunira. Ndinalimbana nazo nthawi yaitali kuti azolowere kuyenda nawo mpira. Za ofusayidi ndinkachita kujambula pansi ndi kamtengo. Goloboyi yekha ndiye sanandivute: manja ake anali ozolowera kuwakha, ndipo sankaopa kudziponya pansi.

Masewera oyamba a m'zoni mwathu tinagonja moipa, titavala majezi a anyamata ofika m'maondo. Anthu anabwera kudzaseka. Pofika mu Juni tinali titayamba kupambana, ndipo omwe aja ankabwera ndi ng'oma. Pamasewera a ndime yomaliza tinalepherana, kenako tinagonja pamapenate. Ana analira njira yonse, koma ine ndinali wonyada, chifukwa ndinkadziwa kumene aliyense wa iwo ankagona.

Sukulu itatsegulidwa mu Seputembala tinapitiriza. Mu Okutobala timu ya amayi ya dziko lathu ya Scorchers inatenga koyamba chikho cha COSAFA, cha mayiko a kum'mwera kwa Africa, itagonjetsa Zambia 2-1 ku South Africa, ndipo Temwa Chawinga ndiye anamwetsa zigoli zambiri pampikisanowo. Sabata imeneyo kubwalo kunadzaza. Ndinawauza kuti Temwa ndi mkulu wake Tabitha ndi ana a ku Rumphi, ndipo Tabitha anadzera ku DD Sunshine ya ku Lilongwe asanapite ku Sweden, ku China ndi ku Italy. Kuyambira pamenepo aliyense ankafuna kusewera kutsogolo, ndinachita kupempha kuti ena atsale otchinga kumbuyo.

Koma goloboyi wanga panalibe. Chitsegulireni sukulu sanaoneke, ndipo anzake ankangoyang'ana pansi ndikawafunsa. Kaputeni ndiye anabwera kunyumba kwanga madzulo n'kundiuza kuti mnzakeyo amupezera mwamuna wa geni ya kabaza. Mwanayo anali ndi zaka 14. Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mwana ameneyu anali wanzeru m'kalasi, woti akanatha kusankhidwa kupita kusekondale. Usiku umenewo sindinagone. Kutacha ndinauza ahedi, ndinatengana ndi amayi awiri a mother group, tinalunjika kwa amfumu. Zimene tinakumana nazo kumeneko ndidzafotokoza m'gawo 10.